Filimu ya Amalawi iyambire pa benchi la pa Zalewa

Pa Zalewa, m'boma la Neno, ndi pamene msewu waukulu wochokera ku Blantyre umati ukangowoloka mtsinje wa Shire n'kugawikana pawiri: wa M1 kulunjika ku Balaka, ku Ntcheu mpaka ku Lilongwe, wa M6 kukhotera ku Mwanza, kuchipata cholowera m'dziko la Mozambique. Galimoto iliyonse imachepetsa liwiro pamenepa chifukwa cha rodibuloko ya apolisi, ndipo poima galimoto ndi pomwe malonda amamera. Mavenda amathamangira mabasi atanyamula mabeseni, ziwaya za chipisi zimatentha kuyambira m'mawa, akabaza amadikirira otsika, mathiraki opita ku Tete ndi ku Zimbabwe amadutsa usana ndi usiku. Wapaulendo amaona zomwezi basi. Koma m'misika ya mtundu umenewu, kuseri kwa magolosale, simulephera kukhala kanyumba ka vidiyo shoo: mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, TV imodzi kutsogolo, sipika panja ikukuwa, ndi bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo pamodzi ndi nthawi ya mpira. Tinyumba timeneti ndi timene tili nyumba zenizeni za kanema za dziko lino. Ine ndikuona kuti Mmalawi amene akufuna kupanga filimu ali ndi ndalama zochepa ayenera kuyamba kuganiza za munthu wokhala pa benchi limenelo, asanaganize za kamera, za chikho kapena za Netflix.

Tiyambe ndi manambala. Lipoti la bungwe la UNESCO la mu 2021 linapeza kuti mu Africa, pa anthu pafupifupi 787,000 alionse pali sikirini imodzi yokha ya m'nyumba ya kanema. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lonse la Neno linali ndi anthu opitirira pang'ono 138,000, kutanthauza kuti pa muyeso umenewu pangafunike maboma asanu kapena asanu ndi limodzi ofanana ndi Neno kuti agawane sikirini imodzi. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Choncho wopanga filimu amene akudikira kuti nyumba zazikulu za kanema zimangidwe kaye adzadikira mpaka imvi. Ndipotu kumudzi kanema sanafikeko ndi nyumba. Anafika pa galimoto. Kuyambira mu 1948, bungwe la atsamunda la Central African Film Unit linkajambula mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo titalandira ufulu galimoto za boma zinapitiriza kuyenda m'midzi kuonetsa za ulimi, za umoyo ndi za Kamuzu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Nthawi yonseyi, kanema wojambulidwa kuno anali wa uthenga wochokera kumwamba kutsikira kwa anthu. Wachisangalalo anthu anakampeza ku vidiyo shoo, ndipo anali wa ku Nigeria, ku China, ku India ndi ku America.

Pali chinthu china chimene vidiyo shoo yatiphunzitsa, chimene opanga mafilimu sanachilabadire mokwanira. Anyamata aja amene amamasulira mafilimu akunja m'Chichewa, amene anthu amangowatchula kuti ma DJ, atsimikiza kuti Mmalawi amalolera kutulutsa ndalama kuti amve nkhani m'chinenero chake. Msilikali wa ku America akamayankhula ngati mnyamata wa ku Ndirande, kapena mfumu ya ku Korea ikamakalipa ngati nyakwawa, benchi lonse limakondwa, ndipo filimu yosamasuliridwa imasowa oonera. Ma DJ amenewa alibe situdiyo yodula. Ali ndi kompyuta yakale, maikolofoni ndi khutu lodziwa mmene anthu amayankhulira. Ngati mawu okha a Chichewa, oikidwa pamwamba pa nkhope za alendo, akudzaza mabenchi, nanga filimu imene nkhope, msewu, vuto ndi nthabwala zonse ndi zapakhomo ingalephere bwanji? Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa, anazindikira zimenezi kalekale. Anali mlembi wa mabuku a Chifalansa, koma ataona kuti anthu ake ambiri sangawawerenge anatembenukira ku kanema, ndipo mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chinenero cha Wolof.

Luso lopanga mafilimu m'dziko muno lilipo, ndipo umboni wake ndi wosabisika. Charles Shemu Joyah, amene ntchito yake ndi yoyeza malo, anapanga Seasons of a Life, filimu imene inapatsa Tapiwa Gwaza mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Mu 2012 anatulutsa The Last Fishing Boat, yojambulidwa kunyanja ku Mangochi, kenako mu 2017 The Road to Sunrise, yonena za amayi awiri oyendayenda a mumzinda wa Blantyre. Imeneyi inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice mu 2018, ndipo inali yoyamba kutumizidwa ndi dziko la Malawi ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anali atatenga kale mphoto yomweyo ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Flora Suya anapanga My Mother's Story. Gift Sukali anapanga Fatsani, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi mumsewu sukulu yake itatsekedwa, ndipo nayo inatumizidwa ku Oscar. Anthu amenewa anagwira ntchito yolemetsa, ambiri ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo ulemu ndi wawo. Koma njira imene filimu yotere imayenda timaidziwa: imakhazikitsidwa ku hotela kapena kuholo yaikulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, imapita ku zionetsero zakunja, manyuzi amalemba, kenako zii. Pa bolodi la choko lija dzina lake silifikapo kawirikawiri, ndipo ndalama yoti mwini wake ajambulire ina imachedwa kubwera. Mwa mafilimu atatu oyamba a Joyah, pakati pa ina ndi inzake pankadutsa zaka zingapo.

Ena amaloza The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Kasungu, kwawo kwa William Kamkwamba, mwini nkhaniyo, n'kunena kuti njira ndi imeneyo. Filimuyo inatithandizadi kuona kuti Chichewa chikhoza kusenza nkhani yolemera pamaso pa dziko lonse lapansi. Koma ndalama zake zinachokera kunja, zida zake zinachokera kunja, ndipo inatulukira pa Netflix, kumene kumafuna khadi la kubanki ndi bandulo yaikulu. Mnyamata wa ku Kamwamba kapena mtsikana wa ku Lisungwi amene ali ndi foni ndi nkhani m'mutu sangatsanzire zimenezo. Zimene angatsanzire zili ku Lagos ndi ku Kampala. Mu 1992 Kenneth Nnebue, wamalonda wa zipangizo zamagetsi, anaika ndalama pa filimu ya Living in Bondage, yojambulidwa ndi kamera wamba ya vidiyo m'chinenero cha Igbo, n'kuigulitsa pa matepi m'misika. Apo ndi pamene ambiri amati Nollywood inabadwira. Amalonda a msika wa Idumota ku Lagos ndi a ku Onitsha ndiwo ankalipirira mafilimu, chifukwa ankadziwa ogula, ndipo pofika mu 2009 UNESCO inati Nigeria ndi yachiwiri kwa India pa kuchuluka kwa mafilimu. Ku Uganda, Isaac Nabwana wa m'dera losauka la Wakaliga anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosakwana madola 200, ndipo azisudzo ake omwe ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa madisiki, atavala zovala za mufilimumo. Kunja kunadzawadziwa pambuyo. Onsewa anayamba ndi oonera apafupi.

Nanga ndalama ya filimu imathera kuti? Ambiri amaganiza kuti imathera pa kamera, ndipo amakhala zaka akusunga ndalama ya kamera yodula, imene mtengo wake unakweranso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komatu Sean Baker, amene anadzapambana Oscar mu 2025, anajambula filimu yake ya Tangerine ya mu 2015 ndi mafoni a iPhone 5s. Ku Zimbabwe, Cook Off inajambulidwa ndi madola pafupifupi 8,000 ndipo mu 2020 inalowa pa Netflix. Chimene chimadya ndalama ndi masiku. Tsiku lililonse lojambula limatanthauza nsima ndi ndiwo za gulu lonse, thiransipoti, malo ogona, mafuta a jenereta ndi kubwereka zida. Munthu aliyense wowonjezera m'nkhani ndi mbale ina ya nsima. Malo alionse atsopano ndi ulendo wina wa galimoto. Motero kupulumutsa ndalama kumayambira pa pepala, kumene kufufuta ndi kwaulere. Robert Rodriguez, popanga El Mariachi ya mu 1992 ndi madola pafupifupi 7,000, anayamba walemba mndandanda wa zinthu zimene akanatha kuzipeza osalipira m'tauni ina ya ku Mexico, monga basi, mabala, famu ndi galu, kenako n'kulemba nkhani yozungulira zinthu zimenezo. Wolemba wanzeru amawerenga kaye zimene ali nazo, ndiye n'kuyamba kulota.

Tsono tawerengani zimene malo ngati Zalewa ali nazo. Pali mlatho ndi mtsinje waukulu, malambe, dzuwa lowala pafupifupi chaka chonse, msika, maresitihausi, madalaivala a zinenero zosiyanasiyana, mabasi opita ndi kuchokera ku Joni, njinga zolemedwa ndi matumba a makala, ndi misewu yokwera kumapiri a Neno kumene kumachokera manachesi ndi mbatata ya kachewere. Kampani yakunja ingawononge mamiliyoni kuti imange zofanana ndi zimenezi. Nkhani nazo zili pomwepo. Mayi amene mwezi ndi mwezi amadikira basi ya ku Joni, poti mwamuna wake anasiya kutumiza ndalama koma sananene kuti banja latha. Mnyamata wowotcha makala amene akudziwa kuti phiri likutha koma mlongo wake akufunika fizi. Dalaivala amene thiraki yamufera masiku anayi ndipo wayamba kudziwana ndi anthu amene kale ankangowadutsa. Nkhani iliyonse mwa izi ikufuna anthu anayi kapena asanu, malo awiri kapena atatu oyandikana, ndi zovala zimene azisudzo ali nazo kale kunyumba. Simufunika mfuti, nyumba yosanja kapena galimoto yobwereka kwa abwana. Mafilimu athu ambiri otsika mtengo amagwa chifukwa chofuna kuoneka olemera: nkhani ya mabwana a m'maofesi, Chingerezi chokakamiza, ndi nyumba ya mwini imene aloledwa kujambuliramo maola awiri okha. Woonera amazindikira msanga kuti akunamizidwa.

Ndalama yochepa imene ilipo ipite choyamba ku mawu. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene akuyankhula amadzuka, makamaka mu vidiyo shoo mmene sipika ndi yong'aluka ndipo panja pali phokoso. Pa Zalewa adani a mawu ndi ambiri: mphepo, mathiraki, chigayo, wailesi ya pa bala, tambala. Maikolofoni ya pa kamera kapena ya foni yojambulira imatola zonsezi mofanana ndi mawu a munthu, chifukwa ili kutali ndi pakamwa pake. Mankhwala ake ndi osadula. Maikolofoni yaing'ono yokoleka pa kolala, yolumikizidwa ku foni ina yobisidwa m'thumba la woyankhulayo, imasintha zonse. Imene ili pa ndodo iyenera kufika pafupi ndi mutu, kunja pang'ono kwa chithunzi, itakulungidwa ndi kansalu ka ubweya kotchinga mphepo. Asanayambe kusewera, munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti wokonza pa kompyuta adzapeze polumikizira mawu ndi chithunzi. Akamaliza, onse akhale chete mphindi imodzi kuti ajambule phokoso la malowo, lodzatsekera mipata podula. Ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvetsera basi, mahedifoni ali m'makutu, amene ali ndi mphamvu youza wotsogolera kuti abwereze. Kukambirana ndi mwini chigayo kuti azimitse theka la ola n'kotsika mtengo kuposa kudzaitananso azisudzo onse.

Kuwala nako kuli ndi nzeru zake. Dzuwa la masana m'chigwa cha Shire limagwa pamutu penipeni, n'kusiya maso ali m'mithunzi ndipo kumwamba kuli mbee, pamene khungu lakuda limafuna kuwala kofewa kochokera m'mbali. Wojambula wosamala amagwira ntchito yapanja m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo masana amalowa pansi pa mtengo, pakhonde kapena pafupi ndi zenera. Nsalu yoyera yotambasulidwa, kapena katoni yomatidwa pepala lonyezimira, imabweza kuwala kunkhope popanda magetsi. Zochitika za usiku azichepetse polemba pomwe, chifukwa ndizo zimafuna jenereta, ndipo jenereta imawononga mawu. Za magetsi asadalire mwayi. Ngakhale malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pa Shire pomwepa, kuthima kwa magetsi n'kwa aliyense, choncho mabatire owonjezera ndi sola yotchajira ziyenera kulowa mu bajeti tsiku loyamba. Madzulo alionse zojambulidwa zikopedwe pamalo awiri osiyana, ndipo zisagone m'chikwama chimodzi, pakuti memori khadi imodzi ikafa imapita ndi thukuta la mlungu wathunthu. Palinso ulemu, umene sugulidwa: kuonekera kwa amfumu, kudziwitsa apolisi musanatulutse kamera pafupi ndi mlatho kapena rodibuloko, ndi kupempha chilolezo kwa munthu aliyense amene nkhope yake idzaonekere.

Chuma chachikulu chimene tili nacho ndi azisudzo. Dziko limene linakula likumvera Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga pa wailesi, limene linadzaza maholo kukaonera Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata, gulu la Kwathu, Izeki ndi Jakobo, limene linatsatira Manganya mu Tikuferanji kwa zaka zambiri, silingasowe anthu odziwa kusewera. Sukulu, mpingo ndi kalabu ya achinyamata iliyonse ili ndi gulu la zisudzo. Chofunika n'kuwaphunzitsa kuti kamera ili pafupi: pa siteji munthu amakweza mawu ndi manja kuti wakumbuyo amve, koma pa kanema kuphethira kokha kumaoneka. Zimenezi zimatheka ndi kuyeserera kwa milungu ingapo pansi pa mtengo, kamera isanabwerekedwe. Apa pali dandaulo loyenera kulimvera. Ena amati filimu yotsika mtengo imatsika mtengo chifukwa azisudzo salipidwa. Amauzidwa kuti atchuka, n'kubwerera kwawo ndi botolo la chakumwa. Zimenezi zimachitikadi, ndipo ndi kuba. Amene alibe ndalama yolipira lero ayenera kulemba pa pepala, onse n'kusainira, gawo limene aliyense adzalandire filimu ikayamba kulowetsa ndalama, ndipo buku la ndalamazo likhale lotseguka kwa gulu lonse. Chakudya ndi thiransipoti sizikambirana. Gulu limene lagawana mwachilungamo ndi limene limabweranso kudzajambula filimu yachiwiri.

Chotsutsa china n'chakuti kuthamangira benchi kudzatsitsa luso, tidzadzaza dziko ndi mafilimu a ufiti ndi ndewu, ojambulidwa mwachisawawa, ochititsa manyazi kunja. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Nollywood yoyambirira inali ndi zinyalala zambiri. Koma kuchuluka kuja ndiko kunaphunzitsa anthu ntchito. Wojambula amene wagwira kamera pa mafilimu 20 amaposa amene wagwira pa filimu imodzi m'zaka zisanu, ndipo mafilimu a ku Nigeria amene lero akuonetsedwa m'maiko ambiri anamera pa msika umene matepi aja anakhazikitsa. Komanso tisamanyoze woonera wa pa benchi. Iyeyu waona mafilimu mazanamazana, amadziwa nkhani ikayamba kuzungulira, amaneneratu mapeto akakhala osavuta, ndipo akatopa amanena mokweza. Palibe woweruza wouma mtima kuposa munthu amene walipira ndalama yake yomaliza ya tsikulo. Filimu imene yamugwira iyeyu mpaka kumapeto ili ndi fupa, ndipo kuika mawu a Chingerezi m'munsi kuti ipite ku zionetsero za ku Zanzibar kapena za ku Ouagadougou ndi ntchito ya masiku ochepa. Njira yochokera ku Zalewa kupita ku zionetsero zakunja ilipo. Yochokera ku zionetsero kubwerera ku Zalewa ndi imene yakhala ikutikanika.

Chotsutsa cholemera koposa ndi cha kubena. Filimu ikangotuluka, tsiku lomwelo ili pa kompyuta ya mnyamata wobena nyimbo pamsika, mawa ili m'mafulashi ndi m'mafoni, ndipo mwini wake sapeza kanthu. Oimba athu analira nazo kale. Lamulo lilipo, la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira mu 1992, koma palibe amene angaike wapolisi pa kompyuta iliyonse. Yankho lagona pa kapangidwe ka bajeti ndi dongosolo la katulutsidwe. Filimu imene yadya mamiliyoni ambirimbiri imafuna miyezi kuti ibweze ndalama, ndipo obena amaipha isanayambe kuyenda. Imene yadya zochepa ikhoza kubweza m'milungu yoyambirira, mwini wake akadali yekha ndi kope. M'milungu imeneyo gulu liyende nayo lokha, ndi pulojekita, nsalu ndi sipika, m'maholo a sukulu ndi a mipingo pa masiku a msika, kuchokera pa Zalewa kupita ku Mwanza, ku Lirangwe, ku Phalula, ku Balaka, azisudzo ali pomwepo kuti anthu awaone ndi maso. Zikatero, eni mavidiyo shoo ndi obena asandutsidwe ogulitsa: alandire kope labwino msanga pa mtengo woti angakwanitse, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, iwonso apeze phindu lawo. Nkhani yogawidwa m'zigawo imathandizanso, chifukwa amene waba gawo loyamba walengezera lachiwiri. Eni magolosale, ma hadiweya ndi maresitihausi a m'deralo akhoza kulipirirako pang'ono kuti malonda awo aonekere. Njira zonsezi sizithetsa kuba, koma zimachititsa kuti mwini adye choyamba.

Achinyamata ena anganene kuti vidiyo shoo ndi yakale, masiku ano zonse zili pa foni. N'zoona kuti mafoni asintha zambiri, ndipo magulu a nthabwala ndi a mafilimu afupiafupi apeza otsatira ochuluka pa YouTube, Facebook ndi TikTok. Intaneti ndi imene ingafikitse filimu ya Chichewa kwa abale athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kwa anzathu a ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Tete amene amamva chinenerochi popanda womasulira. Msika umenewu ndi waukulu kuposa malire a dziko lathu, ndipo kuunyalanyaza kungakhale kupusa. Koma filimu ya ola ndi theka imadya bandulo imene anthu ambiri akumudzi sangaipeze, mafoni a intaneti sali m'manja mwa aliyense, ndipo ndalama ya malonda a pa YouTube imatengera dziko limene oonera ali, kotero kuti kuonedwa kwambiri kuno sikutanthauza kulandira zambiri. Ngakhale pa foni, filimu imayenda kwambiri podutsa kwa wobena ndi potumizirana pamanja. Foni ndi benchi ndi misika iwiri ya woonera mmodzi yemweyo, ndipo zofuna zake sizisintha: Chichewa chomveka, nkhani yake, mawu oyera. Chofunika ndi kutsata ndondomeko. Kuika filimu yonse pa intaneti tsiku loyamba ndi kuigawa ulere. Iyambe yazungulira kumene anthu amalipira pakhomo.

Tsono boma ndi mabungwe? Opanga mafilimu, kudzera m'bungwe lawo la Film Association of Malawi, akhala akupempha thandizo, ndipo pempholi ndi loyenera. Pali zimene boma lingachite popanda kuwononga zambiri: kuchepetsa msonkho pa zida zojambulira, kufewetsa zilolezo pansi pa lamulo lounika zisangalalo limene linayamba mu 1968, kuika maphunziro a mawu, kuwala ndi kukonza zithunzi m'makoleji a ntchito zamanja, ndi kuonetsetsa kuti wailesi za kanema zikugula mafilimu a kuno m'malo moyembekezera kuwalandira ulere. Mabungwe othandiza nawo apereka ntchito kwa ojambula ambiri, ndipo ambiri anaphunzirira pomwepo. Koma mwini ndalama ndiye mwini nkhani. Filimu ya bungwe imayenera kuthera pa phunziro limene linalembedwa kale mu ofesi, ndipo woonera amadziwa pa mphindi zisanu zoyamba kuti akulalikiridwa, monga mmene makolo ake ankalalikiridwira ndi galimoto za kanema zija. Ufulu wa wopanga filimu wodziimira payekha uli pakuti amene amamulipira ndi oonera, ndipo akalakwitsa amataya zochepa n'kuyesanso. Amene wakongola mamiliyoni alibe mwayi wolakwitsa, choncho alibenso mwayi wophunzira.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi nkhani ndipo wakhala akunena kuti akudikira wothandiza, mawu anga ndi awa. Pitani mukakhale pa benchi la vidiyo shoo mlungu umodzi, muone pamene anthu amaseka, pamene amakhala chete ndi pamene amatuluka. Mucheze ndi mwini wake, mumufunse zimene zimadzaza nyumba ndi ndalama imene angalipire. Kenako lembani nkhani ya mphindi 20, ya anthu ochepa, pamalo amene mungafike wapansi, m'Chichewa chimene mumayankhula kwanu. Gulani maikolofoni musanagule china chilichonse, yesererani mpaka mawu akhazikike, jambulani, dyetsani anzanu, ndipo mukaionetse koyamba kwa anthu omwe munawajambula. Kwa ife oonera, udindo wathu ndi wosavuta: filimu ya kwathu ikafika pafupi, tilipire pakhomo, ndipo tikagula kope tigule kwa mwini wake. Dziko silikhala ndi mafilimu chifukwa chakuti lapambana chikho kamodzi pa zaka zingapo. Limakhala nawo pamene wopanga filimu wabweza ndalama yake n'kuyamba ina, ndipo ndalama imeneyo ili m'manja mwa anthu wamba a m'misika ngati ya pa Zalewa.